Mayi Jesesi Mungoshi anatilankhulira ife amene tinali chete pa chuma cha masiye

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilembe za mayi wina wa kuno ku Zimbabwe amene owerenga anu ambiri anamuonapo pa kanema, ngakhale kuti dzina lake lenileni mwina sanaligwire. Ndikunena za Mayi Jesesi Mungoshi, mkhalakale pa zisudzo za pa kanema ndi m'mafilimu, amene anasewera ngati Neria mufilimu ya dzina lomwelo imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ine ndine mwana wa matchona. Bambo anga anachoka ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi imene akuluakulu ankati munthu wapita ku Halale, ndipo anadzagwira ntchito yophika m'nyumba za azungu cha ku Highlands, pamene ife ana tinakulira ku Mabvuku, dera limene mpaka lero Chichewa chimamveka pamsika, kutchalitchi, kumzikiti ndi pamaliro. Kwa zaka zambiri ndakhala mlembi wa bungwe lathu lothandizana pa maliro, choncho nkhani za amayi amasiye ndi katundu wa omwalira sindinazimve ndi kwa ena, ndaziona ndi maso anga, ndipo nthawi ina ndinali m'kati mwake momwe.

Chimene chandichititsa kugwira cholembera ndi chaching'ono. Masiku apitawa mdzukulu wanga wamkazi ankaonera pafoni filimu yotchedwa Cook Off, ndipo nditasuzumira ndinaona nkhope imene sindingaiiwale, tsopano ili ndi makwinya, ikusewera ngati agogo a mtsikana wokonda kuphika. Nditamufunsa ngati akuwadziwa mayi amenewo, anandiyankha kuti ndi agogo a mufilimu basi. Sindinamudzudzule, chifukwa mlandu si wake. Ife amene tinaona ntchito ya mayiyu pa nthawi yake ndi amene sitinawafotokozere ana athu, ndipo ndaganiza kuti ndiyambe kulipira ngongole imeneyi kudzera mwa inu, m'chilankhulo cha makolo anga, kuti a kumudzi ku Malawi nawonso amve.

Kwa amene sanaione kapena anaiiwala, filimu ya Neria inatsogoleredwa ndi malemu Godwin Mawuru, nkhani yake inachokera kwa Mayi Tsitsi Dangarembga, ndipo inakonzedwa ndi bungwe la Media for Development Trust limene munali John ndi Louise Riber. Nyimbo yake yotchuka inaimbidwa ndi malemu Oliver Mtukudzi, amenenso anasewera ngati mlongo wake wa Neria. Nkhani yake ndi ya banja limene linadzimangira moyo mu tauni ndi thukuta la anthu awiri, mwamuna kuntchito kwake ndipo mkazi ku ntchito yamanja imene ankagwira ndi amayi anzake. Mwamunayo, Patrick, atamwalira pa ngozi ya pamsewu, mbale wake Phineas, amene anaseweredwa ndi a Dominic Kanaventi, anayamba kutenga zinthu chimodzichimodzi: buku la kubanki, galimoto, mipando, nyumba, mpaka ana omwe, uku akunena kuti akutsata mwambo wosamalira banja la m'bale wake. Neria anapirira kwa nthawi, koma mwana wake wamkazi atadwala kwambiri ndipo mlamu uja atakana kuthandiza, anamvera uphungu wa mnzake, napita kwa loya ndi kukhothi, kumene anapambana mlandu.

Nkhani yotere munthu aliyense wodziwa kulemba angathe kuiika papepala, ndipo mabungwe ambiri anailembadi m'timabuku ndi pa zikwangwani zimene zinkapachikidwa m'zipatala ndi m'maofesi. Chimene timabuku sitinathe kuchita, Mayi Mungoshi anachichita ndi nkhope yawo. Sanasewere ngati mkazi waukali wolalatira abale a mwamuna, amene amayi athu akanangomuona n'kunena kuti ameneyu ndi wamwano, n'chifukwa chake akumulanda. Anasewera ngati mkamwana amene tonse tinkamudziwa, wogwada popereka madzi kwa apongozi, woyankha motsitsa mawu, wozyolika pamene akulu akulankhula, koma amene m'maso mwake munthu ankatha kuona kuti akuwerenga chilichonse chimene chikutuluka pakhomo. Pali malo ambiri mufilimuyi pamene iwo salankhula kanthu, amangoyang'ana, ndipo kuyang'ana kumeneko n'kumene kunkachititsa kuti m'nyumba yoonetsera mafilimu mukhale bata, kenako mumveke amayi akufwenthera. Luso lotere silibwera mwangozi. Munthu amene amachita zisudzo amayenera kudziwa pamene angatulutse misozi ndi pamene ayenera kuimeza, ndipo mayiyu anasankha kuimeza nthawi zambiri, kotero kuti oonera ndi amene anailira m'malo mwake.

Gawo limene silichoka m'mutu mwanga ndi la kumapeto, pa mwambo umene Ashona amautcha kugara nhaka, wofanana ndi chokolo cha kwathu. Mkazi wamasiye amapatsidwa madzi kuti akapereke kwa mwamuna amene akuvomera kuti amulowe, ndipo abale a malemu amakhala atandandalika kudikira. Neria anawadutsa onsewo n'kukapereka madziwo kwa mwana wake wamwamuna, kusonyeza kuti sakufuna kulowedwa ndi wina aliyense. Sanathawe mwambo, sanaunyoze, anaugwiritsa ntchito monga momwe mwambowo umalolera, ndipo palibe mkulu amene akanamutsutsa. Mayi Mungoshi anayenda mtunda waufupi umenewo, kuchoka pamene anakhala kukafika kwa mwanayo, modekha ngati munthu amene mtima wake unatsimikiza kale, ndipo ine ndimakhulupirira kuti mayendedwe amenewo anaphunzitsa anthu ambiri kuposa zonse zimene loya wa mufilimuyo analankhula.

Tsopano ndiloleni ndinene za kwathu, pakuti ndi pamene pagona chifukwa chenicheni cha kalata ino. M'chaka cha 1996 achimwene anga aakulu anamwalira atadwala kwa miyezi ingapo. Anasiya mkazi, ana anayi, nyumba ya zipinda zinayi ku Tafara, dera loyandikana ndi Mabvuku, imene anaigula pang'onopang'ono kudzera ku khonsolo dziko litalandira ufulu, ndi ndalama za penshoni za ku fakitale kumene ankagwira ntchito. Mlamu wanga anali Mshona, ndipo achimwene anamulowola monga mwa mwambo wa kwawo kwa mkaziyo, koma ukwati wolembetsa kuboma panalibe, wilo panalibenso, ndipo mapepala a nyumba anali m'dzina la mwamuna yekha. Atsibweni athu, amene anali mwinimbumba, ananyamuka ku Dedza pa basi kudzera ku Tete ndi Nyamapanda, ndipo anafika maliro ataikidwa kale, koma nkhani ya katundu isanakambidwe.

Apa m'pamene ife ana a matchona tili ndi vuto limene a kumudzi mwina salidziwa bwino. Tili pakati pa miyambo iwiri. Kwathu kwa Achewa ana ndi a kuchikazi, ndipo zimene mwamuna wasiya abale ake a bere limodzi amaziona ngati za mbumba yawo, pamene mkazi amamusudzula kuti abwerere kwawo kumene ali ndi munda ndi abale omusunga. Kuno kwa Ashona, mwamuna akalowola, ana ndi a kuchimuna, ndipo katundu amayang'aniridwa ndi abale a mwamunayo. Miyambo iwiriyi imasiyana kutalitali pa nkhani ya ana, koma pa tsiku limenelo inagwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti nyumba si ya mkazi wamasiye. Atsibweni anati mwa mwambo wa Achewa mlamu atenge ana ndi ziwiya za kukhitchini apite kwawo, nyumba igulitsidwe, ndalama zigawidwe. Ena mwa abale anati popeza tinalowola, ana atsale ndi ife, ndipo ine monga mng'ono wa malemu ndilowe m'nyumbamo kuti ndiziyang'anira. Palibe amene anakumbukira kuti kwawo kwa mlamuyo kunalibe munda womudikira, kuti iye anagulitsa tomato ndi masamba pamsika kwa zaka zambiri pothandiza kulipira nyumbayo, ndiponso kuti miyambo yonse iwiri inapangidwira moyo wa kumudzi, kumene nyumba ndi ya dothi ndi udzu ndipo munthu atha kumanga ina m'chilimwe chimodzi.

Ndiyenera kuvomera pamaso pa owerenga anu kuti ine ndinali kumbali ya ofuna nyumbayo. Pa nthawiyo ndinkachita lendi chipinda chimodzi ndi mkazi wanga ndi ana awiri, ndipo mumtima ndinali nditadziuza kale kuti ndikuchitira ana a achimwene zabwino. Amene anatiimitsa anali mayi anga. Iwo sanapite kusukulu ndipo Chingerezi sankachimva, koma filimu ya Neria anaionera pa kanema kunyumba kwa anansi athu, mwana wina akuwamasulira, ndipo anabwerako atakhumudwa kwa masiku angapo. Tsiku la zokambirana, atsibweni atatha kulankhula, mayi anapempha mawu, zimene sizinali zachilendo pakati pathu popeza iwo ndiye anali ntchembere yaikulu ya banja. Anati mwana amene wamwalirayo anamubereka ndi iwo, ndipo ngati pali munthu amene akanayenera kulira ndi katundu m'manja ndi iwo, koma safuna ngakhale supuni imodzi. Kenako anatembenukira kwa ine, nanditchula dzina langa la paubwana, n'kundifunsa ngati ndikufuna kuti anthu a ku Tafara azindiloza kuti uyo akupita apoyo ndi Phineas. M'nyumbamo munali anthu oposa khumi, ndipo aliyense anadziwa chimene dzinalo linkatanthauza, kuphatikizapo atsibweni amene anali atamva za filimuyo ngakhale sanaione. Sindinayankhe. Nyumbayo inatsala ndi mlamu, ndalama za penshoni zinaphunzitsa ana, ndipo atsibweni anabwerera ku Dedza ndi jekete ndi nsapato za malemu, zimene mlamu anawapatsa ndi manja awiri.

Zaka zambiri ndakhala ndikudzifunsa chimene chinagwira mtima wa mayi anga, munthu amene anakulira mu mwambo ndipo ankaulemekeza. Yankho limene ndinafikapo n'lakuti mwa Neria anaona mkamwana wawo weniweni, wofatsa ndi wolimbikira ntchito, ndipo mwa apongozi a mufilimuyo, amene poyamba ankamukayikira Neria koma pambuyo pake anazindikira choona, anadziona okha. Mayi Mungoshi akanasewera mokokomeza, mayi anga akanati ndi zamasewera za anthu a mu tauni. Popeza anasewera ngati munthu amene tingakumane naye pachitsime kapena ku chigwirizano cha amayi, nkhaniyo inalowa m'nyumba mwathu n'kukhala pamphasa pakati pathu.

Kumbukirani kuti pa nthawiyo lamulo silinali kumbali ya mlamu wanga monga momwe lilili lero. Ngakhale kuti lamulo la mu 1982 linazindikira amayi a kuno ngati anthu aakulu odziimira paokha akafika zaka 18, nkhani za chuma cha masiye m'mabanja a mwambo zinkatsatabe njira yakale ya mlowam'malo wamwamuna. Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1997, pamene Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo loyendetsera chuma cha omwalira kuti mkazi kapena mwamuna wotsala azitenga nyumba imene ankakhalamo pamodzi ndi katundu wa m'nyumbamo. Sindinganene kuti filimu ndi imene inasintha lamulo, chifukwa panali maloya ndi mabungwe a amayi amene analimbana ndi nkhaniyi kwa zaka zambiri, koma ndinganene zimene ndinaona, kuti pamene lamulolo linkafika, anthu wamba m'malokeshoni anali atayamba kale kuchita manyazi ndi khalidwe lolanda, ndipo manyaziwo anali ndi dzina.

Sindikufuna kuti ndioneke ngati woyamikira zonse. Filimuyi ili ndi zofooka zake, ndipo chachikulu mwa izo n'chakuti inaonetsa khothi ngati malo amene mkazi wamasiye amalowa ndi misozi n'kutuluka ndi makiyi. Ife a ku Mabvuku tikudziwa kuti sizinali choncho nthawi zonse, chifukwa mlandu wotchuka wa Magaya unali wa nyumba ya m'dera lathu lomwe lino. Mu 1999 khothi lalikulu la apilo la dziko lino linagamula kuti Mayi Venia Magaya, mwana woyamba wa malemu bambo awo, sangakhale mlowam'malo pamene pali mwana wamwamuna, ngakhale wamng'ono kwa iwo ndiponso wa mayi wina, popeza bambowo anamwalira lamulo latsopano lisanayambe kugwira ntchito. Chigamulo chimenecho chinadzudzulidwa m'maiko ambiri, koma mayiwo nyumba anailuza. Chofooka china n'chakuti mbali yaikulu ya filimuyi ili m'Chingerezi, moti anthu ngati mayi anga, amene ankafunika kwambiri kuimva, anadalira womasulira. Koma zofooka zimenezi ndi za olemba ndi okonza, si za wosewera, ndipo zimangoonjezera ulemu wanga kwa mayi amene anatha kufika pamtima pa anthu osamva chilankhulo chimene iye ankalankhula.

Munthu angaganize kuti wosewera amene filimu yake inaonedwa ndi anthu ochuluka chotere, m'dziko muno ndi m'maiko oyandikana nalo, anakhala pabwino moyo wake wonse. Zinthu sizinayende motero kwa ochita zisudzo a kuno. M'zaka za m'ma 1990 Zimbabwe inkatulutsa mafilimu odziwika monga Flame ndi Everyone's Child mu 1996, ndi Yellow Card mu 2000, ambiri mwa iwo ndi thandizo la ndalama zochokera kunja. Chuma cha dziko chitayamba kugwa, thandizolo linachepa, nyumba zoonetsera mafilimu zambiri zinatsekedwa ndipo zina zinasanduka matchalitchi, kukwera mitengo kwa mu 2008 kunafafaniza ndalama zimene anthu anasunga, ndipo m'misewu ya Harare munadzaza ma DVD okopera mwachinyengo ogulitsidwa pa dola imodzi, ndalama imene wosewera sankaona ngakhale senti. Taona akatswiri amene ankatiseketsa madzulo aliwonse akudwala popanda ndalama ya kuchipatala, monga malemu Lazarus Boora, amene tinkamudziwa kuti Gringo, yemwe anamwalira mu November 2020 anthu akufuna kwabwino akusonkha ndalama zomuthandiza. M'nyengo yotereyi, kukhalabe pa ntchito ya zisudzo kwa zaka zoposa 30 monga achitira Mayi Mungoshi ndi chinthu chofunika kuchitchula.

Pali mbali ina ya moyo wawo imene ndimailemekeza kuposa zonse, ngakhale kuti siinajambulidwe ndi kamera. Amuna awo anali a Charles Mungoshi, mmodzi mwa alembi akuluakulu a dziko lino, amene mabuku awo a Chishona ndi Chingerezi ana athu anawerenga kusukulu. M'chaka cha 2010 bambowa anadwala matenda aakulu a m'mitsempha amene anawafooketsa mpaka kumapeto kwa moyo wawo, ndipo kwa zaka pafupifupi 9 mayiwa ndi amene ankawadwazika. Aliyense amene anadwazikapo munthu wamkulu akudziwa tanthauzo la zaka zimenezo: kusambitsa, kudyetsa, kudzuka usiku, kufunafuna ndalama za mankhwala, ndi kukana ntchito zina chifukwa wodwala sangatsale yekha. M'kati mwa zonsezo banjali linakhazikitsa kampani yake yosindikiza mabuku, ndipo mu 2013 linatulutsa buku limene bambowa anakhala akulilemba kwa zaka zambiri, kuti ntchito yawo isathere m'kabati. A Charles Mungoshi anamwalira pa 16 February 2019, patangotha masabata atatu ndi masiku ochepa chimwalirireni Oliver Mtukudzi pa 23 January chaka chomwecho. M'mwezi umodzi mayiwa anataya mnzawo wa pa ntchito amene anawaimbira nyimbo yotonthoza amasiye, ndi mwamuna amene anakhala naye zaka zoposa 40. Ambiri a ife tinamva chisoni ngati kuti maliro agwa pakhomo pathu, ndipo ku bungwe lathu amayi ena analira poyera nkhaniyo itamveka pa wailesi.

N'chifukwa chake mtima wanga unasangalala kuwaona mu Cook Off. Filimu imeneyi inapangidwa mu 2017 ndi achinyamata, motsogozedwa ndi Tomas Brickhill ndi Joe Njagu, ndi ndalama zochepa kwambiri, pafupifupi madola 8,000 a ku America poyambira, ndipo mu June 2020 inayamba kuonetsedwa pa Netflix, chinthu chimene chinanyaditsa dziko lonse. Chaka chomwecho mayiwa anaonekanso mufilimu ya Shaina. Munthu wa dzina ngati lawo akanatha kunena kuti sangagwire ntchito ndi ana osadziwika opanda ndalama, koma iwo anapita, natenga mbali yaing'ono ya agogo, naisewera ndi kudekha komwe kuja. Achinyamata amene anaima nawo pamaso pa kamera anaphunzira zimene sukulu singaphunzitse, ndipo umu ndi mmene luso limadutsira kuchoka ku mbadwo wina kupita ku wina, monga momwe kwathu namkungwi amasiyira nzeru atsikana.

Akonzi, mwina mukudabwa kuti nkhani ya mayi wa ku Zimbabwe ikukhudza bwanji owerenga a ku Malawi. Ikuwakhudza chifukwa khalidwe lolanda chuma cha masiye silinathe kwathu. Ife a kuno timatumiza ndalama ndi mitembo kumudzi, timalandira mafoni, ndipo timamva za amayi amene achotsedwa m'nyumba ku Ndirande, ku Area 25 kapena ku Chibavi maliro asanazizire, malata atazulidwa padenga, ngakhale mbuzi ndi njinga zitatengedwa. Malawi ili ndi lamulo labwino la mu 2011 lokhudza mawilo ndi chuma cha masiye, limene limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chotere ndi mlandu umene munthu angapite nawo kundende. Koma lamulo limakhala m'mabuku a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, pamene zokambirana za katundu zimachitikira kuseri kwa nyumba ya siwa, pamphasa, pakati pa anthu amene sanaliwerengepo. Chimene chinatithandiza ife mu 1996 si ndime ya lamulo, koma munthu wa mufilimu amene mayi anga anamukhulupirira ndi dzina limene ine ndinaliopa.

Akatswiri otha kuchita zimenezi Malawi inali nawo ndipo ikadali nawo. Ife a kuno tinakula tikusakasaka MBC pa wailesi usiku kuti timve Kapalepale ndi Pamajiga, ndipo pambuyo pake matepi a Izeki ndi Jakobo ankayenda nyumba ndi nyumba mu Mabvuku mpaka kutha. Tikudziwa za Du Chisiza Jr amene anamwalira mu 1999, chaka chomwe wailesi ya kanema ya dziko la Malawi inayamba, za Gertrude Kamkwatira amene anatisiya mu 2006, za John Nyanga mu 2016 ndi Eric Mabedi mu 2021. Tikudziwanso kuti sewero la Tikuferanji linalowetsa nkhani ya Edzi m'nyumba zimene makolo sankatha kuitchula pamaso pa ana. Chimene chimandipweteka n'chakuti mbiri ya anthu oterewa timaiwerenga mokwanira tsiku limene amwalira, pamene eni ake sangathenso kutiuza mmene ankakonzekerera sewero, amene anawaphunzitsa, ndi zimene ankalandira pa ntchito yawo.

Pempho langa kwa inu n'lakuti mutumize atolankhani anu kwa akuluakulu a zisudzo amene adakali moyo, a pa wailesi, a pa nsanja ndi a pa kanema, akakhale nawo pansi kwa nthawi yokwanira ndi kulemba mbiri yawo m'Chichewa, ndi mawu awo, osati m'ndime ziwiri za pakona pa tsamba. Ngati n'kotheka mtolankhani wina adzafike kuno ku Harare kudzacheza ndi Mayi Mungoshi, ife a bungwe lathu tidzamulandira ndi kumusunga, pakuti malo ogona ndi nsima sizidzasowa. Ndikupemphanso a wailesi za kanema ku Malawi ndi a mabungwe oona za ufulu wa amayi kuti akambirane ndi eni filimu ya Neria za chilolezo choikamo mawu a Chichewa mwalamulo, ndi kulipira moyenera onse amene ali ndi gawo, kuphatikizapo osewera. Achinyamata a m'matauni a ku Malawi amamasulira kale mafilimu a karate ndi a ku India m'Chichewa, ndipo anthu amadzaza m'mavidiyo sho kukaonera, choncho luso lomasulira lilipo ndipo oonera alipo. Koposa pamenepo, olemba mafilimu a kwathu alembe nkhani yathuyathu, ya chikamwini ndi chitengwa, ya kusudzula, ya mwinimbumba ndi ankhoswe, ndipo apeze mayi wodziwa kusewera modekha amene agogo a ku Mayani kapena ku Mitundu angamuone n'kunena kuti uyu ndi mkamwana wanga.

Mlamu wanga akukhalabe m'nyumba ija ku Tafara, ndipo mapepala ake tsopano ali m'dzina lake. Mwana wake woyamba ndi mphunzitsi, wachiwiri ali ku Johannesburg, ndipo ang'ono awiri ali ndi mabanja awo konkuno. Nditamuuza kuti ndikulemba kalata ino, anandipempha kuti ndiikemo moni wake kwa Mayi Mungoshi, amene sanakumanepo nawo, ndipo ndauika. Mwezi wamawa, tikatha msonkhano wa bungwe lathu, tagwirizana zoonera limodzi filimuyi pakhomo pa mlamuyo pamodzi ndi adzukulu athu, ndipo ntchito yomasulira m'Chichewa kwa akuluakulu osamva Chingerezi yapatsidwa kwa ine.

Ine wanu,
Mlembi wa bungwe lothandizana pa maliro,
Mabvuku, Harare